Sizasi ya ku Mipando

Mu ufumu wa Tidzaona chinthu sichiyamba ntchito chifukwa choti amisiri amaliza kuchimanga ayi. Chimayamba tsiku limene chatsegulidwa. Mjigo ukakumbidwa amaukulunga ndi kansalu kofiira, amayi n'kumatungabe pachithaphwi mpaka kudzafike mlendo wolemekezeka wodzadula kansaluko. Mlatho ukatha, abambo amapinda mathalauza n'kuwoloka pansi pake, uku akuuyamikira mmene wakongolera. Musaseke, abale, ndi mwambo wawo umenewo ndipo amaunyadira. Munthu wodutsa kansalu kosadulidwa, kaya walumpha pamwamba kaya wakwawira pansi, amati waponda Mfumu pamutu, ndipo chilango chake ndi kulandidwa munda.

Tsono sizasi yodulira tinsaluto inali imodzi yokha m'dziko lonse. Inali yagolide, yogona m'kabokosi kakekake, ndipo woyenda nayo anali Nduna ya Zotsegulira, Olemekezeka a Ndikubwera, bambo wansangala, wodziwa kuvina, amene chibadwire sanafikepo pamalo tsiku limene analonjeza.

Zinthu zinkayenda choncho bwinobwino mpaka nyengo itayamba misala yake. Mvula ikati ichedwe inkachedwa mpaka chimanga kupota masamba. Ikati ibwere inkakhuthula ya chaka chonse m'sabata imodzi. Madandaulo atachuluka, Mfumu Mwinizonse Wachiwiri inaitanitsa nduna zake zonse ku likulu la dzikolo, mzinda wa Mipando.

"Ndikumva kuti nyengo yasintha," inatero Mfumu. "Anaipatsa chilolezo ndani?"

Nduna zinayang'anana. Ya Zaulimi inalumbira kuti si iyo. Ya Zamitambo inafotokoza kuti vuto lonse lachokera ku utsi wa mafakitale a maiko akutali.

"Ndiye kawagwireni eni mafakitalewo."

"Mwini dziko, amenewo ndi omwe aja amatipatsa galimoto."

"Oo. Asiyeni kaye."

Kenaka nduna ina yokalamba, imene aliyense ankayesa kuti ikuwodzera, inakweza chala. Inati mvula sigwa m'dziko, imagwa m'maboma. Madzi sasefukira ku Mipando, amasefukira kumidzi. Choncho eni ake a nkhani yonseyi ndi makhonsolo. Mfumu inasangalala mpaka inavula chisoti n'kumadzikupiza nacho, ndipo mawa lake inaima pakhonde la nyumba yachifumu kulengeza kwa mtundu wonse.

"Anthu anga okondedwa! Kuyambira lero, dzuwa, mvula, mphepo, chilala ndi madzi osefukira ndazipereka m'manja mwa makhonsolo anu. Mphamvu zonse zachoka kuno, zabwera kwanuko!"

Ng'oma zinalira, amayi anaimba nthungululu. Chisangalalo chili mkati, a Ndikubwera anasendera pafupi, nkhope itagwa.

"Mwini dziko, ndi sizasi yomwe?"

"Aa, inunso a Ndikubwera! Tikunena mphamvu apa. Sizasi si mphamvu, ndi ulemu. Imeneyo itsala konkuno."

Khonsolo iliyonse inalandira mphamvuzo mwa nzeru zake. Ina inagulira makhansala maambulera. Ina inapita kuhotela ya kuphiri kukakambirana za kutentha, poti kumeneko n'kozizirira bwino. Ina inaletsa kutchula mawu oti chilala pagulu, ndipo chilala chinathadi m'zokamba za anthu. Koma khonsolo ya boma la Dikirani, kuchigwa kumene kumadutsa mtsinje wa Sapangana, inachita zodabwitsa dziko lonse: inagwiradi ntchito.

Ena amati n'chifukwa choti chigumula cha chaka chapitacho chinakokolola mipando ya makhansala, ndipo munthu ukamuchotsera pokhala amayamba kuganiza. Kaya. Chimene ndikudziwa ine n'choti wapampando wa khonsoloyo, a Pendapenda, mphunzitsi wopuma pantchito, munthu wamtima wabwino koma woopa akuluakulu koopsa, anatsogolera anthu kubzala nsungwi m'mbali mwa mtsinje. Kenaka anaumbitsa njerwa n'kumanga chinyumba chachikulu pachitunda, choti anthu azithawiramo madzi akasefukira.

Anthu anachitcha Chithawiro. Malata onyezimira, pansi pa simenti, khonde lalikulu, ngakhale kanjira kotsetsereka kolowera anthu olumala. Atamaliza anamanga kansalu kofiira kuchokera pamzati wina wa khonde kukafika pa unzake. Chitseko sanachikhome n'komwe. Loko wa chiyani pomwe pali kansalu? Anangoika mlonda, a Jailosi, kuti aziyang'anira kansaluko kangauluke ndi mphepo.

Kumsika wa Dikirani nkhani inali yomweyo.

"Mwachiona Chithawiro chathu?" ankafunsa wogulitsa nsomba.

"Tachiona, achimwene," ankayankha wa makala. "Achiteteza bwino ndithu. Palibe amene angachiononge pothawiramo."

"Inu osayamika inu. Madzi akabwera tizikaima panja n'kumachiyang'ana, mtima uzikhala m'malo."

Onse ankaseka kupatula Nangondo, mayi wogulitsa tomato ndi anyezi pafupi ndi chipata. Kwa iye nkhaniyi sinali yoseketsa. Amuna ake, a Gelesomu, amene kale ankakhoma zidebe pamsika pomwepo, anafa ziwalo mbali yonse ya kumanzere. Chimene chinatsala chamoyo bwinobwino chinali pakamwa basi. Pa chigumula chapitacho Nangondo anawabereka kumbuyo n'kukakhala nawo pachulu, mvula ikuwamenya mpaka kunabwera bwato, ndipo kuyambira pamenepo chifuwa chawo sichinabwererenso mwakale. Adokotala a pachipatala chaching'ono anamuuza mosabisa: "Mayi, bambowa asadzanyowenso choncho. Akadzanyowanso, chifuwachi sichidzapirira."

Choncho mitambo itayamba kusonkhana kumapiri, Nangondo anasiyira mnzake benchi, namanga chitenje chake cha kutchalitchi, ulendo ku ofesi ya khonsolo.

"Takulandirani, mayi," anatero a Pendapenda. "Tikuthandizeni chiyani?"

"Ndabwera ndi nkhani ya Chithawiro, bambo."

"Chokongola, eti?"

"Kunja kwake n'kokongola. M'kati ndiye sindinaonemo. Mutsegula liti?"

A Pendapenda anadzikanda m'mutu. "Mayi, mundimvetse bwino. Ife a khonsolo mphamvu tili nazo zonse. Dzuwa lili m'manja mwathu, mvula ili m'manja mwathu. Chimene tilibe ndi sizasi basi."

"Nanga mphamvu zonsezo sizidula kansalu?"

"Sizinapangidwire zimenezo."

Nangondo anawafotokozera za a Gelesomu, za chulu, ndi za mawu a adokotala. A Pendapenda anamva chisoni chenicheni, mpaka anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali. Analonjeza kuti atumiza nthumwi ku Mipando sabata yomweyo, ndipo pomuperekeza pakhomo anamukumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Nkhono kumsana kwake kuli nyumba, bambo," anayankha Nangondo. "Ine kumsana kwanga kuli amuna anga."

Nthumwi zinapitadi, ndipo zinabwerako zitanenepa pang'ono. Khonsolo yonse inasonkhana kuti imve yankho. Mtsogoleri wa nthumwizo anaimirira n'kunena kuti nkhani ndi yabwino: Olemekezeka a Ndikubwera akubwera ndithu. Kungoti abwera mvula ikadzatha, chifukwa galimoto yonyamula sizasi siyenda m'matope. Panjirapo pali mlatho watsopano, inde, koma nawonso sunatsegulidwe.

"Ndiye kuti nyumba yothawiramo madzi adzaitsegula madzi atapita?" anafunsa khansala wina watsopano pantchito.

"Mwamvetsa msanga," anamuyamikira anzake. "Mudzafika patali inu."

Musaganize kuti khonsolo inangopinda manja ayi. Inakhazikitsa lamulo loletsa mtsinje wa Sapangana kusefukira Chithawiro chisanatsegulidwe. Mesenjala anakalilengeza pagombe ndi chinkuzamawu, ndipo poti mtsinjewo sunatsutse, onse anatenga kuti wavomera. Kenaka anayamba kuphunzitsa anthu kathawidwe. Loweruka lililonse belu la pamsika linkalira, mudzi wonse n'kuthamangira kuchitunda, ana patsogolo akulu pambuyo, n'kukaima ndendende pakansalu. Wofika msanga sankamulabadira kwenikweni, koma woima bwino, chala cha phazi osapitirira, ankamuombera m'manja. Pofika pakati pa dzinja, anthu a ku Dikirani anali akatswiri a kuima m'dziko lonse la Tidzaona.

Nangondo maphunzirowo sankapita. Loweruka lililonse iye ankakhala akufolera denga la nyumba yake, n'kumayang'ana kumapiri.

"Ukuwayang'ana chiyani mapiriwo?" ankafunsa a Gelesomu ali pamphasa. "Ukufuna kukwatiwa nawo?"

"Ndikufuna ndione kumene kuchokere imfa yanu."

"Iwe, khonsolo inauletsa mtsinje. Ukuyesa mtsinje ungachite mwano kwa anthu ovala mataye?"

Mtsinje wa Sapangana unafika mmawa wa tsiku la msika, osaodira. Nsungwi zija zinaugwirako miyendo pang'ono, mokwanira kuti belu lilire, anthu n'kutuluka m'nyumba. Nangondo anakweza a Gelesomu mu wilibala yobwereka, nawafunditsa bulangete ndi pepala la pulasitiki lofundira tomato.

"Yendetsa bwino, Nangondo," anatero a Gelesomu. "Chikwatirane nawe, aka n'koyamba kundikweza galimoto."

"Khalani chete, mumeza mvula."

Ali pakati pa chitunda, mphepo inalanda pepala lija n'kupita nalo kosadziwika. Pofika pamwamba anapeza mudzi wonse uli pamenepo ndi mbuzi zake, nkhuku zake ndi mitolo yake, utaima ndendende pakansalu monga unaphunzirira. Khonde louma lili apo, poti munthu atatambasula mkono atha kulikhudza, iwo ali chiimire pamvula. Kumunsi madenga a nyumba anali atayamba kuyandama.

Nangondo anakankha wilibala mpaka tayala linatsala pang'ono kudutsa pansi pa kansalu. A Jailosi anaima kutsogolo, madzi akuchucha pachipewa.

"Mlongo wanga, chonde usandiike m'mavuto. Nanenso ndili ndi munda."

"Wangawo alande," anatero Nangondo, nalimbitsa manja pa wilibala.

Koma a Gelesomu anamugwira chitenje ndi dzanja lawo lamoyo lija. "Usayerekeze. Akakulanda munda udzadya kansaluko? Ndinyoweko pang'ono, ine si mchere."

Chakumasana a Pendapenda anafika, suti ili yonyoweratu, nsapato imodzi itapita ndi madzi, atakumbatira chithunzi cha Mfumu chimene anachipulumutsa mu ofesi. Anaimba foni ku Mipando anthu onse akumva. Anauzidwa kuti a Ndikubwera ali pamwambo wotsegulira kasupe wokongoletsa bwalo la nyumba yachifumu, ndipo akuwafunira anthu a ku Dikirani zabwino zonse.

Nangondo anagwada m'matope patsogolo pa a Pendapenda. "Bambo, wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. A ku Mipando sakumva kanthu. Amene tikumva ndi ife, ndi inuyo."

A Pendapenda anayang'ana mu wilibala. Milomo ya a Gelesomu inali itayamba kutuwa, nthabwala zitachepa. Anayang'ananso chithunzi chimene chinali m'manja mwawo. Kenaka anachita chimene ankachidziwa bwino: anaitanitsa msonkhano wadzidzidzi wa makhansala pansi pa mtengo wa mthethe. Anakambirana ngati kumasula mfundo ya kansalu kuli chimodzimodzi ndi kudula. Wina anati kumasula n'koipa kuposa kudula, chifukwa kumaonetsa kuti munthu anachita kukhala pansi n'kuganiza. Wina anati alowe kudzera pazenera, koma anamukumbutsa kuti zenera nalonso silinatsegulidwe. Anagawikana pakati, nasankha komiti. Mvula osakata. Abale inu, ndionetsetse anathetsa nkhosa, ndipo tsiku limenelo khonsolo inaonetsetsa mpaka tsiku linapendeka.

Ndiye panali mbuzi ina yamawangamawanga, imene chiyambire mmawa sinalawe kanthu. Inayandikira mzati wa khonde, inanunkhiza kansalu kaja, n'kuyamba kutafuna. Chitunda chonse chinatembenukira kumeneko. A Jailosi anakweza ndodo.

"A Jailosi!" anaitana a Pendapenda. "Taimani kaye. Lamulo likuti chiyani za mbuzi?"

"Silinena kanthu, bwana."

"Mbuziyo ili ndi munda?"

"Ilibe, bwana."

A Pendapenda anatembenuza chithunzi cha Mfumu kuti chiyang'ane kwina, nati, "Ndiye isiyeni idye."

Ndikukuuzani, chimenecho ndicho chigamulo chachikulu kuposa zonse zimene khonsolo iliyonse inapangapo m'mbiri ya Tidzaona. Mbuziyo sinafulumire ayi. Inkatafuna, n'kuima, n'kuyang'ana anthu, n'kuyambiranso, amayi akuilimbikitsa chapansipansi kuti, "Tafuna, mayi, tafuna." Kansalu katagwa nthungululu inamveka mpaka kutsidya, ndipo a Pendapenda anasiyira mesenjala chithunzi chija, nagwira okha wilibala n'kuikankha pa kanjira kotsetsereka.

M'kati Nangondo anawachotsa amuna ake bulangete lonyowa. Wina anapereka malaya ouma, wina anayatsa mbaula. A Gelesomu anayang'ana kudenga nthawi yaitali, mano akugundana.

"Nangondo," ananong'ona, "amanga bwino anyamatawa. Sipakudontha paliponse."

Apa ndiye kuseka kwandithera. Chibayo chinawagwira tsiku lomwelo, msewu wa kuchipatala uli pansi pa madzi, ndipo a Gelesomu anamwalira m'Chithawiro momwemo, pamalo pouma, madzi asanaphwe. Ena onse a m'mudzimo anapulumuka.

Ku Mipando atamva za kansalu anatumiza komiti yofufuza. Komitiyo inapeza kuti Chithawiro sichinatsegulidwe, choncho palibe amene analowamo, ndipo amene amati analowamo anangoona ngati. Mbuzi inapezeka yolakwa, ndipo komiti inadya umboni wonse ndi mpunga isanabwerere. Mvula itatha, a Ndikubwera anabweradi. Anamanga kansalu katsopano, magule anavinidwa, iwonso anatsika pampando n'kuvina mpaka thukuta. Atadula ndi sizasi yagolide analengeza kuti kuyambira tsiku limenelo palibe munthu wa ku Dikirani amene adzanyowenso. Onse anaomba m'manja kupatula a Pendapenda. Ena amati n'chifukwa choti anawanyamulitsa kabokosi ka sizasi.

Patangopita masiku ochepa, a Pendapenda anatulukira kumsika wapansi, opanda mesenjala, opanda tayi. Nthawi imeneyo khonsolo inali itatsala pang'ono kumaliza chithawiro chachiwiri kumidzi ya kumunsi kwa mtsinje. Anadutsa pansomba, anadutsa pakaunjika, n'kukaima pabenchi la bambo wina wogulitsa singano, ulusi ndi mabatani, moyang'anizana ndi tomato wa Nangondo.

"Ndikufuna sizasi," anatero chapansipansi.

"Yometera kapena ya nsalu, bwana?" anafunsa wogulitsayo mokweza, monga amafunsira aliyense.

"Ya nsalu."

Msika wonse unamva. Ngakhale wa makala ndi wa nsomba anasiya kunyozana. Wogulitsayo anatsitsa pamsomali sizasi yakuda, yachitsulo wamba, naipereka ndi manja awiri. Potembenuka, a Pendapenda anakumana maso ndi maso ndi Nangondo, ali ndi duku lakuda kumutu. Anavula chipewa.

"Mayi," anatero, "chachiwirichi sitidikira munthu. Ndikadula ndekha tsiku limene amisiri atsike padenga. Munda wanga akaufuna autenge."

Nangondo anangotambasula dzanja, ndipo iwo anamupatsa sizasiyo. Anaitembenuza uku ndi uku, naiyesa pansonga ya duku lake. Inadula kamodzi n'kamodzi. Anaibweza mwaulemu, chogwirira chili kutsogolo.

"Ikudula bwino, bambo," anatero. "Tsiku la chigumula lija inali pamsomali womwewo."